NDINAIMA PA MANDA A MSILAMU NDILI NDI NGONGOLE YAKE

 Lero ndilemba zazitali. Amene bandulo yanu yatsala pang'ono, sungani nkhaniyi mudzawerenge usiku, koma chonde musaidumphe pakati chifukwa mudzandinamizira.

Ndikudziwa zimene zakhala zikuyankhulidwa. Ena munandiona chaka chatha nditanyamula nawo jeneza pa maliro a Chisilamu. Patapita masabata angapo mayi wina wa mumpingo anabwera kunyumba kudzatenga makiyi a tchalitchi, anaona buku la Qur'an lili pa tebulo langa pambali pa Baibulo. Lisanalowe dzuwa nkhani inali itafika kale kumsika kuti abusa aja akusinga. Mabanja awiri anasiya kubwera ku tchalitchi. Mkulu wina wa mpingo, munthu amene ndimamulemekeza, anandiitanira pambali n'kundiuza kuti abusa, mapanga awiri avumbwitsa. Ine sindinayankhe bwino nthawi imeneyo, ndinangoti ndikuphunzira. Sikunali kunama, koma sichinali choonadi chonse. Choonadi chonse chinali chochititsa manyazi, n'chifukwa chake ndachisunga mpaka lero.

Mukukumbukira njala ya 2016, mvula itadula boma mpaka kulengeza kuti dziko lili pa ngozi. Nthawi imeneyo mpingo wathu unali wa anthu osakwana 30, tikupemphera m'chisakasa cha udzu. Chopereka cha Lamulungu chinkatheka kukwana sopo basi. Mayi a kunyumba anali ndi pakati pa mwana wathu wachitatu, m'nyumba mulibe ngakhale gaga. Amene anationa sanali Mkhristu ayi. Anali bambo wina wachikulire woyandikana nafe, Msilamu wosadumpha swala, amene ankachita geni ya usipa ndi kambuzi wouma kupita nazo ku Limbe. Dzina lawo sinditchula, ife tinkangowaitana kuti Ambuje. Tsiku lina madzulo anandiitana pakhonde pawo n'kunena kuti abusa, utsi sindikuuona kunyumba kwanu masiku ano. Anandipatsa matumba awiri a chimanga ndi K30,000, ati mudzabweze mukakolola. Panalibe pepala, panalibe mboni. Tinangogwirana chanza.

Ndinakolola 2017, sindinabweze. Ndinati ndiyambe ndagula malata a tchalitchi, ndi ntchito ya Mulungu. Chaka chotsatira ndinati fizi ya mwana. Kenako tinagula zokuzira mawu, kenako njinga yamoto. Ndalama zinkapezeka za china chilichonse kupatula ngongole ya Ambuje. Iwo sanandifunsepo ngakhale kamodzi. Ndipo abale, munthu amene sakukufunsa ngongole ndi amene amakuvuta kukumana naye. Ndinayamba kuzungulira njira ya kuchigayo kuti ndisadutse pakhonde pawo. Ndikawaona akuchokera ku mzikiti Lachisanu, ndinkaika foni kukhutu ngati ndikuyankhula ndi munthu. Zaka 8. M'busa wathunthu, woyankhula malilime, wotulutsa ziwanda, kuthawa nkhalamba ya ndodo chifukwa cha matumba awiri.

Anamwalira m'mwezi wa June, nthawi ya mwera, m'bandakucha. Inu Akhristu amene simunapitepo ku maliro a anzathuwa, dziwani kuti iwo sagoneka thupi masiku atatu kudikira wachibale wa ku Cape Town. Pofika masana zonse zinali zitatha. Amuna anasambitsa thupi, analikulunga mu nsanda yoyera, nsalu zitatu basi, analiika pa jeneza lomwe lija limene ananyamulirapo osauka onse a m'mudzimo. Panalibe bokosi, panalibe nkhata, panalibe mndandanda wa oyankhula. Anaima m'mizere n'kupemphera choimirira, osawerama, osagwada, pemphero losakwana mphindi zisanu. Ine ndinaima kumbuyo ndi Akhristu ena ochepa, sindinalowe mumzere chifukwa si pemphero langa.

Tisananyamuke, mkulu wina anaimirira n'kukweza mawu. Anati ngati alipo amene malemuwa anali naye ngongole, abwere anene tsopano thupi lisanalowe m'manda, mwana wawo wamkulu uyu wavomera kuisenza. Anabwera munthu m'modzi, wa kabaza, ati K2,000. Mwana uja anatulutsa pompo n'kupereka. Kenako mkulu uja anati, ndipo ngati alipo amene ali ndi ngongole ya malemu, aonane ndi banja, chifukwa tsopano ndi chuma cha ana amasiye. Anadikira. Anayang'ana uku ndi uku. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Mtima unkagunda ngati injini ya boti, koma pakamwa panga sipanatseguke. Ndinadziuza kuti palibe akudziwa, mwini wake wagona apoyo.

Ndinanyamula nawo jeneza, inde. Amalandirana pa phewa, aliyense masitepe ochepa n'kusiyira mnzake, ndipo munthu amene anadyetsa ana anga sindikanaima patali manja ali m'thumba. Manda awo amakumba dzenje, kenako kachipinda cham'mbali, m'menemo ndi mmene amagoneka thupi chogonera kumanja nkhope italoza ku Makka, n'kutseka ndi matabwa kuti dothi lisagwere pa iye. Atakwirira, anthu anayamba kubwerera, koma shehe anakhala pansi chakumutu kwa manda n'kuyamba kuyankhula m'Chiarabu ngati akulangiza munthu wamoyo. Ndinafunsa mnyamata amene ndinaima naye kuti akutani. Anati akumukumbutsa mayankho, chifukwa tikangochoka pano, iye akumva mapazi athu tikupita, ndipo kukubwera angelo awiri kudzamufunsa.

Usiku umenewo sindinagone. Sikuti ndinakhulupirira kuti angelo aja alipodi, ayi, Baibulo langa silinena zimenezo. Chimene chinandisowetsa tulo ndi chakuti anthu onse aja, asodzi, akabaza, ogulitsa kaunjika, anachoka pamanda paja ali ndi nkhope za anthu amene akudziwa kuti adzafunsidwa. Ine amene ndimalalikira Mulungu wamoyo ndinachoka ndi nkhope ya munthu amene wapulumuka ngongole.

Safunsa anadya phula. Mwana wachiwiri wa Ambuje ndi mwalimu, amaphunzitsa ana ku madrasa. Ndinapita kwa iye n'kumuuza kuti ndikufuna kudziwa zimene mumakhulupirira za imfa ndi chiweruzo, osati zomva kumsika, koma za m'mabuku anu. Anandibwereka Qur'an yomasuliridwa m'Chichewa. Anangondipempha kuti ndisaiike pansi ndiponso ndizisamba m'manja ndisanaigwire. Ndinasunga pempho lakelo, monga inenso sindingakonde munthu kukhalira Baibulo langa. Ndi buku limene mayi aja analiona pa tebulo.

Ndinabadwira m'boma lino. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi monse Asilamu ndi pafupifupi 14 pa anthu 100 aliwonse, koma kuno ku Mangochi ndi oposa 70 pa 100. Chisilamu chinafika kuno kale, mafumu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda anachilandira azungu a boma asanamange Fort Johnston mu 1891. David Livingstone anadutsa pamudzi wa Mponda mu 1866. Ansembe a Chikatolika a White Fathers anafika kwa Mponda kumapeto kwa 1889, anakhala chaka ndi theka n'kuchoka. A Anglican ndi amene anadzakhazikika ku Mpondasi pambuyo pake. Zonsezi ndinkazidziwa, ndimazinena ngakhale pa ulaliki. Koma zimene mnansi wanga amaopa akamagona usiku, zaka zoposa 40 ndikumva azana m'mawa uliwonse, sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti sadya nkhumba, amasala mwezi wa Ramadan, amakwatira mitala. Basi.

Zimene ndinapeza ndi izi, ndipo abale a Chisilamu amene mukuwerenga, pamene ndalakwitsa mundikonze mwaulemu. Iwo amaphunzitsa kuti munthu akafa amalowa m'malo odikira otchedwa barzakh, pakati pa imfa ndi kuuka. Angelo awiri aja ndi Munkar ndi Nakir. Mwalimu anandiuza kuti mayina amenewa sali mu Qur'an, ali m'mahadisi, nkhani za zimene Muhammad ananena ndi kuchita. Mafunso ndi atatu: Mbuye wako ndani, chipembedzo chako ndi chiti, mneneri wako ndani. Woyankha bwino manda ake amatambasuka, wolephera manda amamupana. Anandiuzanso kuti zolangiza wakufa pamanda zija si Asilamu onse amazivomereza. A Kadiriya amachita, amaimbanso sikiri ponyamula maliro, pamene ena amati maliro aperekezedwe mwachete. Kotero nawonso ali ndi zokangana zawo ngati ife a Pentekosite ndi a CCAP pa nkhani ya ubatizo.

Kenako tsiku la Kiyama. Mngelo Israfil aliza lipenga, akufa onse auka. Aliyense apatsidwa buku la ntchito zake, lolembedwa ndi angelo awiri amene anali naye moyo wake wonse, wina kumanja wina kumanzere. Wolandira bukulo ndi dzanja lamanja wapambana, wolandira ndi lamanzere watayika. Pali sikelo. Sura 101 ikukamba za sikelo yolemera ndi sikelo yopepuka. Sura 99 ikuti ngakhale kanthu kochepetsetsa, kabwino kapena koipa, munthu adzakaona. Mu Sura 36 ndinawerenga kuti pakamwa padzatsekedwa, manja ndi miyendo ndi zimene zidzachitire umboni. Pamenepo ndinakumbukira miyendo yanga ikuzungulira njira ya kuchigayo. Pomaliza pali mlatho wotchedwa Sirat wodutsa pamwamba pa Jahannam, umene mahadisi amati ndi wochepa kuposa tsitsi, ena adzaoloka ngati mphezi, ena chokwawa, ena adzagwa.

Koma chimene chinandigwira pakhosi si mlatho kapena moto. Ndi nkhani ya ngongole. Kodi mukudziwa kuti ndime yayitali kuposa zonse mu Qur'an yonse, Sura 2 ndime 282, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni? Sura 83 imayamba ndi tsoka kwa amene amati pogula afuna muyeso wodzaza, pogulitsa achepetsa. Inu ogula chimanga ndi nandolo amene munakonza sikelo, inu a usipa amene munaphwanya chidebe pansi kuti chichepe, nkhani yanu ili m'mabuku onse awiri, pitani mukaone Miyambo 11 ndime 1 ndi Amosi mutu 8. Mwalimu anandifotokozera kuti kwa iwo machimo ali mitundu iwiri. Cholakwira Mulungu, monga kudumpha swala, Mulungu akhoza kukhululuka ukalapa. Koma cholakwira munthu mnzako sichichoka mpaka mwini wake akhululuke kapena umubwezere. Anandiuza hadisi ina ya munthu amene adzafike pa Kiyama ndi mapemphero ambiri, kusala kwambiri, zopereka zambiri, koma anatukwana uyu, anadya chuma cha uyu, anamenya uyu. Zabwino zake zidzagawidwa kwa onse amene anawalakwira mpaka zithe, zikatha machimo awo adzaikidwa pa iye. Ameneyo, ati, ndiye wolowa pansi weniweni. N'chifukwa chake amafuula za ngongole thupi lisanalowe m'manda. Amakhulupirira kuti mzimu wa munthu umakhala womangika ndi ngongole yake mpaka italipidwa.

Ndinatseka buku lawo n'kutsegula langa, ndikuganiza kuti ndipumulireko mu chisomo. Aaa! Ahebri 9 ndime 27, imfa kamodzi kenako chiweruzo. Chivumbulutso 20, mpando woyera, mabuku kutsegulidwa. 2 Akorinto 5 ndime 10, Paulo akulembera Akhristu, osati akunja, kuti tonse tidzaonekera pamaso pa Khristu kulandira monga mwa zimene tinachita tili m'thupi. Mateyu 12 ndime 36, ngakhale mawu opanda pake adzafunsidwa. Mateyu 7, anthu amene ananenera ndi kutulutsa ziwanda m'dzina lake akuuzidwa kuti sanadziwike konse. Salimo 37 ndime 21 inandimenya mbama, ikutchula munthu wokongola osabweza kuti ndi woipa. Ndime zonsezi zinali m'Baibulo langa lomweli, zina ndinazidula mzere ndi bolopeni yofiira zaka zapitazo ndili wachinyamata ku Scom.

Ndiye ndikufunseni inu abusa anzanga, ndi liti munalalikira komaliza za chiweruzo? Ine ndinawerenga makope anga a maulaliki a zaka zitatu. Kukwezedwa pa ntchito, kutsegula zitseko, kuphwanya maunyolo a kumtundu, chaka cha kusefukira, viza, banja, galimoto. Za mpando woyera ndinapeza ulaliki umodzi, ndipo unali wa pa maliro. Tasandutsa Yesu kukhala wa Airtel Money, wongotumiza. Anthu athu akudziwa mtengo wa mafuta odzozera koma sadziwa kuti adzaima pamaso pa Mulungu. Kolera itavuta kuno mu 2022 ndi 2023 tinaika anthu m'manda motsatizana, achinyamata amene dzulo lake anali pa nyanja, koma titangopuma tinabwerera ku maulaliki a galimoto. Ndipo pa maliro athu, tinene zoona, aliyense amapita kumwamba. Munthu anali katapila woopsa, analanda minda ya amasiye, koma pa mbiri ya malemu timva kuti watsogola, akatidikire. Bokosi la ngongole, chakudya cha ngongole, chiliza cha ngongole, wamasiye n'kutsala akulira kawiri. Pamenepa anzathuwa atiposa, ndipo sindichita manyazi kunena.

Tsopano mvetsetsani bwino, chifukwa apa ndi pamene ena mudzadule nkhani n'kuthamanga nayo. Sindinasinge ndipo sindidzasinga. Pali phompho pakati pa chikhulupiriro changa ndi cha mwalimu, ndipo tonse awiri timalidziwa. Iwo amalemekeza Yesu, amamutcha Isa mwana wa Mariam, amavomera kuti anabadwa mwa namwali, amakhulupirira kuti adzabweranso dziko lisanathe. Koma Sura 4 ndime 157 ikukana kuti anapachikidwa, ndipo savomera kuti ndi Mwana wa Mulungu. Ine moyo wanga wonse wapachikika pa mtanda umenewo. Mukauchotsa, ndatsala ndi sikelo, ndipo pa sikelo ine ndaona kale kulemera kwanga: ndine munthu amene anakhala chete pa maliro a womuthandiza. Chigawenga chija cha pa Luka 23 chinalibe nthawi yoonjezera kanthu pa sikelo, manja anali okhomedwa, koma chinalonjezedwa Paradaiso tsiku lomwelo. Chiyembekezo changa chili pamenepo, Aleluya.

Komanso tisawanamizire. Achinyamata ena mumalemba pa Facebook kuti Asilamu amagula kumwamba ndi ntchito, sadziwa chifundo. Si zoona. Sura zonse 114 kupatula imodzi zimayamba ndi kutchula Mulungu kuti ndi wachifundo, ndipo mwalimu anandiuza hadisi yonena kuti palibe adzalowe ku Jannah chifukwa cha ntchito zake zokha popanda chifundo cha Mulungu, ngakhale Muhammad amene. Kusiyana kwathu ndi kwakuti chifundocho chimadzera kuti, ndipo ungatsimikize bwanji kuti chakufikira. Ndinamufunsa maso ndi maso kuti mwalimu, mutafa usiku uno mukudziwa kumene mukupita? Anati ayi abusa, palibe Msilamu anganene zimenezo, timakhala pakati pa mantha ndi chiyembekezo, Mulungu ndiye adziwa. Ndinamuuza kuti ine ndikudziwa, osati chifukwa ndine wabwino koma chifukwa wina analipira. Ndinamutsegulira Yohane 5 ndime 24 ndi Aroma 8 ndime 1. Anawerenga mwachifatse. Kenako anati, chabwino abusa, koma chimene chimativuta ife ndi chakuti anthu amene amati ngongole yawo kwa Mulungu inalipidwa kale, ambiri salabadira ngongole zawo kwa anthu.

Sanatchule dzina langa. Sanandiyang'ane n'komwe, ankathira tiyi. Koma ndinadziwa kuti mlandu suola.

Ndinauza mayi a kunyumba zonse usiku umenewo. Iwo ankaganiza kuti ndinabweza kalekale, chifukwa ndi zimene ndinawauza mu 2018. Bodza limenelo linali lachiwiri, ndipo kukonza kwake kunatenga masiku, koma imeneyo ndi nkhani ya m'nyumba. Tinakhala pansi kuwerengera. K30,000 ya 2016 si K30,000 ya lero, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Kubweza nambala yomweyo kukanakhala kuba kwa mtundu wina. Zakeyu wa pa Luka 19 sanabweze nambala yomweyo. Tinagwirizana kuti zonse tibweze m'chimanga, matumba asanu ndi limodzi. Ndinagulitsa foni yanga yayikulu ndi mbuzi ziwiri. Amene munkadabwa kuti abusa abwerera bwanji ku kafoni ka mabatani, yankho ndi limenelo.

Tinadikira kuti sadaka ya masiku 40 idutse, kuti pasakhale wonena kuti ndapereka chimanga cha mwambo wa akufa. Amayi amasiye anali akadali pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wa Chisilamu amakhala pakhomo mwamuna akamwalira, choncho mayi a kunyumba ndi amene analowa m'nyumba, ine ndinakhala pakhonde ndi ana aamuna awiri, tikuyankhulana chitseko chili chotsegula. Pakhonde lomwe lija. Ndinafotokoza zonse, kuyambira utsi umene sunkaoneka mpaka nsapato zimene ndinaziyang'ana pa maliro.

Amayi aja anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anati, abusa, nkhaniyi timaidziwa. Matumba aja ndinathira ndine. Anati chaka chimene bambo anayamba kudwala, mwezi wa Ramadan, anaitana ana onse n'kutchula anthu amene anali ndi ngongole zawo, anthu asanu ndi awiri. Anayi anati amenewa mudzawafunse. Atatu anati awa ndawakhululukira, musadzawafunse, musadzawachititse manyazi, mwina nanenso Mulungu adzandipeputsira pa tsiku lija. Inu abusa munali m'gulu la atatuwo. Anati bambo ankadandaula chinthu chimodzi chokha, kuti chimanga chawalanda mnansi, abusa sadutsanso pano kudzacheza.

Abale, ndalira pa maguwa ambiri, koma kulira kwa tsiku limenelo kunali kwina. Mwalimu anandionetsa pambuyo pake Sura 2 ndime 280, pamene akulimbikitsidwa kudikira wangongole amene wavutika, ndi kuti kumukhululukira ndi kwabwino koposa. Nkhalamba ija inachita zimene buku lake linaiuza. Ine pemphero la Ambuye limene limatchula mangawa ndimalinena Lamulungu lililonse, Mateyu 5 ndime 23 ndi 24 ndimaidziwa pamtima, kuti usiye mphatso yako paguwa uyambe wakayanjana ndi m'bale wako. Ndinadutsa ndime imeneyo zaka 8 ndikulandira chopereka cha anthu.

Chimanga anakana kuchilandira ngati ngongole, ati tikalandira tiwalanda bambo mphotho yawo. Tinakambirana mpaka tinagwirizana kuti chikhale mphatso kwa zidzukulu zitatu zamasiye zimene amayiwo akulera. Chinalowa m'nyumba motero.

Ndikudziwa funso limene mukufuna kundifunsa, chifukwa mtsikana wina wa kwaya anandifunsa kale: abusa, ndiye Ambuje ali kuti pano? Ine ndimakhulupirira Yohane 14 ndime 6 ndi Machitidwe 4 ndime 12, sindinafufute ndime zimenezo ndipo sindidzazifewetsa kuti wina akondwe. Koma mpando woweruza si wanga, ndipo sindinali m'chipinda chawo usiku womaliza kuti ndidziwe zimene zinadutsa pakati pa iwo ndi Mlengi wawo. Abrahamu pa Genesis 18 anatsamira pa chilungamo cha Woweruza wa dziko lonse, inenso ndatsamira pomwepo. Chimene ndikudziwa motsimikiza ndi mbali yanga. Ndinakhala khomo ndi khomo ndi munthu ameneyu zaka zonsezi, munthu amene ankandikonda, amene akanandimvetsera. Sindinamuuzepo za Yesu ngakhale tsiku limodzi. Sikuti ndinkaopa Asilamu. Ndinkapita ndi zokuzira mawu mpaka ku Malombe kukalalikira anthu osawadziwa. Koma ukanayamba bwanji kuuza munthu za Mpulumutsi amene analipira zonse, chimanga chake chili m'mimba mwako? Ngongole inanditseka pakamwa. Pa funso limeneli, amene adzafunsidwe pa Ezekieli 33 ndine.

Kwa achinyamata a mumpingo mwathu amene mumakonda kutukwana Chisilamu pa intaneti, ndikupempheni, lekani. Akuluakulu akukumbukira June 2003 pamene matchalitchi anaphwanyidwa m'tauni muno, ndipo mukudziwa mmene nkhani ya hijabu m'sukulu inavutira mpaka a Public Affairs Committee analowererapo. Moto wa chipembedzo suchedwa kuyaka m'boma lino. Amene mukuwatukwanawo ndi amalume anu, ndi amene amakukwezani ngongole pa golosale, ndi amene adzakumbe nawo manda anu. Ngati mukufuna kuwalalikira, yambani mwawerenga zimene amakhulupirira, ndipo yambani mwabweza zimene munawakongola. Ndipo kwa mabanja awiri amene munachoka, ndinalakwa kusakuuzani zoona pachiyambi. Buku lija ndinabweza kwa mwini wake. Mwalimu ali ndi Chipangano Chatsopano chimene ndinamupatsa, akuti wafika pa Luka, ndipo ali ndi mafunso ovuta amene ena sindinawayankhebe. Khomo la tchalitchi ndi lotsegula, mipando yanu ilipo.

Tsopano zidziwitso. Ndakambirana ndi akulu a mpingo, ndipo tagwirizana kuti Lamulungu likubwerali sitilandira chopereka cha chitukuko cha simenti. Envelopu imene munakonza, ngati muli ndi ngongole imene mwaikhalira, kaya ku banki m'khonde, kaya kwa wa golosale, kaya kwa mlamu wanu, kaya kwa mnyamata amene anakulimirani ganyu osamulipira, pitani nayo kumeneko Loweruka. Ngati siikwana, pitanibe mukaonetse nkhope, mukanene tsiku. Inu a ku Joni amene munakwera basi ndi ndalama yobwereka n'kusintha nambala mutafika, mukudziwa kumene mungaitumize. Khoma la tchalitchi lidikira mwezi wina. Ulaliki udzachokera pa Chivumbulutso 20, bwerani ndi Mabaibulo, osati mafoni okha.

Ndipo ngati alipo wina aliyense, Mkhristu kapena Msilamu, amene ine ndili naye ngongole ndipo ndaiwala kapena ndikunamizira kuiwala, musadikire kuti mudzanene thupi langa lili pabwalo. Ndimapezeka ku tchalitchi Lachitatu lililonse kuyambira 2 koloko masana. Bwerani ndi mboni ngati mukufuna.

Ambuye akudalitseni nonse. Amen.